Mboni, Mapepala ndi Phulusa: Mkangano wa Mbiri ya Nanjing ku Japan

Pa 15 Ogasiti 1945 anthu a ku Japan adamva kwa nthaŵi yoyamba liwu la mfumu yao, Hirohito, likulengeza pa wailesi kuti nkhondo yatha. Asilikali oyamba a ku America adatera m'dzikomo pa 28 Ogasiti. Pakati pa masiku aŵiriŵa pali sabata ziŵiri, ndipo yense wofuna kumvetsa mikangano ya mbiri ya Japan wamakono ayenera kuyambira pa sabata zimenezi. M'mabwalo a maofesi a nkhondo ku Tokyo, ndi m'misasa ya asilikali kuchokera ku China mpaka ku zilumba za kumwera, moto sudazime. Lamulo lidachokera kwa akuluakulu lakuti mapepala onse achinsinsi atenthedwe. Mkulu wina wosunga zolembedwa za nkhondo m'dzikomo adayerekeza mu 2003 kuti pa mapepala 100 aliwonse a gulu lankhondo la pamtunda, okwana ngati 70 adapsa kapena kuwonongedwa.

Apa pakubuka funso lakale la anthu ofufuza nzeru: kodi kusoŵa kwa umboni kumatsimikiza kuti chinthu sichidachitike? Munthu amene watentha nkhokwe sangaime pa phulusa n'kumati, "Ngati munali chimanga m'menemu, chiwonetseni." Komabe phulusalo silinena kuti munali madengu angati, ndipo ife tilibe ufulu wodzaza nkhokwe yopsayo ndi chiŵerengero chimene mtima wathu ukufuna. Pakati pa zolakwa ziŵirizi ndi pamene olemba mbiri a ku Japan akhala akulimbana kwa zaka zoposa 50, ndipo palibe nkhani imene adailimbirana kopambana ya mzinda wa Nanjing.

Nkhondo ya pakati pa Japan ndi China idabuka mu Julayi 1937. Atamenya nkhondo yoopsa kwa miyezi itatu ku Shanghai, kumene adataya anzao ambiri, asilikali a Japan adalunjika ku Nanjing, likulu la boma la Chiang Kai-shek. Adayenda mwaliŵiro kotero kuti chakudya chao chidatsalira m'mbuyo, nayamba kudzidyetsa ndi zimene ankalanda m'midzi. Mkulu wa asilikali oteteza mzinda, Tang Shengzhi, adathaŵa pa 12 Disembala, ndipo asilikali ake ambiri adavula zovala za usilikali nasakanikirana ndi anthu wamba. Mzinda udagwa pa 13 Disembala. Kwa sabata zisanu ndi imodzi zotsatira kunali kupha ogwidwa pa nkhondo, kupha amuna oganiziridwa kuti ndi asilikali, kugwirira akazi, kufunkha ndi kutentha.

Nkhondo itatha, mabwalo aŵiri adazenga mlanduwu. Bwalo la maiko ambiri ku Tokyo lidagamula mu 1948 kuti ophedwa adapitirira 200,000, ndi kuti akazi ngati 20,000 adagwiriridwa mwezi woyamba wokha. Bwalo la Atchaina ku Nanjing lidatchula anthu oposa 300,000 mu 1947, ndipo chiŵerengero chimenechi ndicho chidalembedwa pa khoma la nyumba ya chikumbutso imene idatsekulidwa mumzindamo mu 1985. Mkulu wa asilikali Matsui Iwane adanyongedwa mu Disembala 1948. Asaka Yasuhiko, amene ankatsogolera asilikali pa Nanjing penipenipo, sadaitanidwe n'komwe, popeza anali wa m'banja lachifumu ndipo Amereka adaatsimikiza zosakhudza banjalo. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Ajapani ambiri adaliwona bwalo la ku Tokyo ngati chilungamo cha opambana, ndipo sitingati dandaulo lao n'lopanda pake, pakuti palibe adazengedwa mlandu chifukwa cha Hiroshima. Amakonda kutchula woweruza wa ku India, Radhabinod Pal, amene adati oimbidwa mlandu onse amasulidwe. Chimene satchula kaŵirikaŵiri n'chakuti Pal yemweyo adavomera kuti umboni wa nkhanza za ku Nanjing unali wochuluka zedi. Iye ankakana ufulu wa bwalolo ndi kupalamula kwa akuluakulu aja, osati kuti anthu adaphedwa.

Kwa zaka zoposa 20 nkhaniyi idagona. Adaidzutsa ndi mtolankhani Honda Katsuichi, amene mu 1971 adayendera China nalemba m'nyuzi ya Asahi Shimbun zimene opulumuka adamuuza. Omutsutsa adati mboni zakezo zidasankhidwa ndi boma la chikomyunizimu, ndipo pamenepo sadaname. Mu 1973 Suzuki Akira adatulutsa buku lokayikira mbali zina za nkhaniyo, ndipo mkangano udagwera pa kankhani kamodzi kamene kakuyenera kukhalapo pang'ono.

Kumapeto kwa 1937 nyuzi ya Tokyo Nichi Nichi Shimbun idasimba kangapo za akapitao aŵiri achinyamata, Mukai Toshiaki ndi Noda Tsuyoshi, amene akuti adapikisana kuti aone woyamba kupha adani 100 ndi lupanga. Nkhani yomaliza idati wina wafika pa 106, mnzake pa 105, ndipo padali chithunzi cha aŵiriwo atatsamira malupanga ao. Bwalo la ku Nanjing lidadalira kwambiri nkhani zimenezi poŵagamula, ndipo adaŵawombera mu Januwale 1948. Suzuki adati n'zosatheka kuti munthu wa lupanga aphe anthu 100 pa nkhondo ya mfuti ndi mizinga, kotero atolankhani adangopeka kuti asangalatse oŵerenga. Ena adayankha kuti pa nkhondo zinalidi zosatheka, koma pa akaidi omangidwa manja zinali zotheka. Munthu wina amene ali mwana wa sukulu adamva Noda akulankhula kwao ku Kagoshima, adakumbukira kuti mwiniwakeyo adavomera kuti ambiri mwa ophedwawo anali atadzipereka kale. Abale a akapitaowo adakasuma ku khoti mu 2003 kuti ayeretse maina ao, koma mlandu udaŵagomera mu 2005.

Kodi nyuziyo inali mboni yoona kapena yonama? Ine ndiganiza kuti funsolo lafunsidwa molakwa. Pa funso lakuti anthu aŵiriŵa adapha angati ndipo adaŵapha motani, nyuzi ya nthaŵi ya nkhondo, yolembedwa pansi pa diso la boma, ndi mboni yofooka, ndipo munthu angathe kukayikira ngati chinali chilungamo kupha anthu podalira iyo. Koma pa funso lina, lakuti kodi akonzi a nyuzi yaikulu ya ku Tokyo ankaganiza kuti oŵerenga ao akondwera ndi chiyani, ndi kuti boma linkalola chiyani, nyuziyo ndi mboni yosatsutsika. Boma lomwelo lidaletsa mu 1938 buku la Ishikawa Tatsuzō losimba nkhanza za asilikali, nkumuzenga mlandu mlembi wakeyo. Kupha kosimbidwa ngati maseŵera kudaloledwa, kupha kosimbidwa ngati tchimo kudaletsedwa. Pepala limodzi lingathe kunama pa funso lina ndi kunena zoona pa funso linzake.

Tsono tione mboni zachilendo. Azungu oposa pang'ono 20 adatsala mumzindamo, nakhazikitsa dera lothaŵirako losakwana makilomita 4 m'bwalo lake lonse, m'mene mudapanikizana anthu oposa 200,000. Wapampando wao anali John Rabe, Mjeremani woimira kampani ya Siemens, ndiponso membala wa chipani cha Nazi. Mbiri nthaŵi zina imasankha mboni zimene ife sitikadasankha. Dziko la Rabe linali bwenzi la Japan kuyambira pa pangano la 1936, motero iye analibe chifukwa chonamizira Ajapani. Ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti Hitler akangomva adzaletsa zimenezi. Atabwerera kwao mu 1938 adamulemberadi Hitler, nayerekeza kuti ophedwa anali pakati pa 50,000 ndi 60,000. Yankho lake lidali apolisi a Gestapo, amene adamugwira namuchenjeza kuti atseke pakamwa. Adamwalira ali wosauka mu 1950, ndipo buku lake lolembamo za tsiku ndi tsiku, dayale, lidadziŵika ku dziko mu 1996. Dayale inanso ndi ya Minnie Vautrin, mmishonale wa ku America amene adasunga akazi ndi ana ngati 10,000 pa koleji ya Ginling, ndipo adadzipha mu 1941.

Mboni imene okana amakonda kuitchula ndi John Magee, mbusa wa mpingo wa Episcopal, amene adajambula kanema mobisa. Pa bwalo la ku Tokyo loya wa oimbidwa mlandu adamufunsa kuti ndi anthu angati amene iye adaŵaona ndi maso ake akuphedwa. Magee adayankha kuti mmodzi. Kuyambira pamenepo yankho limeneli lakhala likubwerezedwa m'mabuku a okana ngati kuti lidagwetsa mlandu wonse. Koma taganizani. Msilikali sankapha pamaso pa mzungu, ndipo n'chifukwa chake azunguwo ankathamangira nyumba ndi nyumba, popeza kufika kwao kokha kunkabalalitsa achifwamba. Kupha kwakukulu kudachitikira kunja kwa linga la mzinda, m'mbali mwa mtsinje wa Yangtze, kumene azungu sankaloledwa. Chimene Magee adaona ndi mitembo m'maiŵe ndi m'miseu, ndi ovulala m'chipatala cha yunivesite, kumene dokotala Robert Wilson ankasoka mabala usana ndi usiku. Amene wapeza mbuzi itafa m'khola, mapazi a fisi ali pa khomo, sadaone fisiyo, koma sitingati sakudziŵa kanthu. Kwa ine yankho la Magee likukweza umboni wake. Munthu amene atalumbira akukana kuwonjeza ngakhale imfa imodzi pa zimene adaona, ngwoyenera kumukhulupirira pa zinazo.

Komabe mboni zachilendozi zili ndi malire, ndipo malirewo ndi a linga la mzinda. Mu 1938 Lewis Smythe, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Nanjing, adatuma ophunzira ake kukafunsa nyumba imodzi pa nyumba 50 zilizonse zokhalamo anthu. Adapeza kuti mumzinda anthu wamba 2,400 adaphedwa ndi asilikali ndipo 4,200 adatengedwa osabweranso, pamene m'midzi yozungulira ophedwa anali ngati 27,000. Okana amanyamula 2,400 yekhayo nasiya zinazo. Saganiziranso kuti kafukufuku wofunsa m'nyumba sangaŵerenge banja limene lidatheratu, popeza palibe wotsala woti ayankhe, ndiponso saŵerenga asilikali ogwidwa. Mbali inayo, bwalo la ku Tokyo lidadalira mabuku a mabungwe aŵiri oika maliro. Bungwe la Red Swastika lidalemba mitembo ngati 43,000, ndipo mabuku ake ambiri amaŵakhulupirira. Bungwe la Chongshantang lidalemba yoposa 112,000, koma yochuluka mwa iyo akuti idaikidwa m'sabata zoŵerengeka za mwezi wa Epulo, ndipo akatswiri ambiri amafunsa ngati anthu ochepa a bungwelo akadatha ntchito yotere. Funso limeneli ndi loyenera, ndipo kulifunsa si kukana.

Umboni wolemera koposa udachokera kumene sunkayembekezeka, kwa Ajapani eniake. Moto wa mu Ogasiti 1945 udanyeketsa za m'maofesi, koma sudafike m'mabokosi a m'nyumba za anthu. M'zaka za m'ma 1980 idatuluka dayale ya Nakajima Kesago, mkulu wa gulu lankhondo la 16, limodzi mwa magulu amene adalanda mzindawo. Pa tsiku la 13 Disembala iye adalemba kuti mfundo yao inali yosasunga akaidi, motero adaatsimikiza zothana nao onse. Adadandaula kuti akamabwera 1,000, 5,000 kapena 10,000 nthaŵi imodzi, nkovuta ngakhale kuŵalanda zida. Adati gulu lina la pansi pake lathana ndi anthu ngati 15,000, mtsogoleri wina pa chipata cha Taiping wathana ndi 1,300, ndipo pafupi ndi chipata china pasonkhana 7,000 kapena 8,000.

Mneni wa Chijapani amene ndamumasulira kuti "kuthana" ndi liwu la m'nyumba, lonena za kukonza pamalo, kuchotsa ziŵiya anthu akatha kudya. Pa liwu limeneli ndi pamene okana adamanga msasa. Iwo amati kusasunga akaidi kumatanthauza kuŵalanda zida n'kuŵalola apite kwao, ndipo amafunsa kuti mkuluyo walemba pati liwu lakuti kupha. Tikatenga mzere umodziwo paokha, kumasulira kwaoko nkotheka. Koma yense amene adaphunzira kuŵerenga malembo akale amadziŵa kuti liwu limalandira tanthauzo kwa anansi ake. Mizere yotsatira ya Nakajima imati kuti athane ndi 7,000 kapena 8,000 aja pafunika chidzenje chachikulu, chimene sichikupezeka, ndipo akuganiza zoŵagaŵa m'timagulu ta 100 kapena 200 n'kuŵatengera ku malo oyenera. Womasula akaidi safuna dzenje. Apa palibe kumasulira kuŵiri kolingana, pali kumasulira kumodzi kumene kumaŵerenga tsamba lonse, ndi kwina kumene kumaleka pakati.

Ngakhale zili choncho, dayaleyi tisaisenzetse katundu woposa mphamvu zake. Ziŵerengero zake mkuluyo adazimva kwa akapitao ake pa tsiku la chisokonezo, ndipo msilikali pofuna ulemu amachulukitsa adani amene wagonjetsa. Imatsimikiza kuti panali mfundo yopha ogwidwa, ndi kuti mfundoyo idatsatidwa pa anthu zikwizikwi, koma siingatiuze kuti anali 15,000 ndendende.

Ntchito yoleza mtima koposa adaigwira ndi munthu wosakhala profesa. Ono Kenji anali wantchito wa m'fakitale ku Fukushima. Kuyambira mu 1988, pa masiku ake opuma, adayendera nkhalamba zimene zidatumikira m'gulu la 65 la asilikali oyenda pansi, lochokera m'dera lakwaolo, napempha madayale ao. Gulu limeneli lidagwira anthu oposa 14,000 pafupi ndi phiri la Mufu, ndipo nyuzi za nthaŵiyo zidalengeza zimenezi monyadira. Nkhondo itatha, akuluakulu a gululo ankati ambiri adamasulidwa, ndipo otsalawo adafa pa chipoloŵe pamene ankafuna kuŵaolotsa mtsinje kuti aŵamasule. Madayale amene Ono adasindikiza mu 1996, olembedwa ndi alimi osadziŵana maganizo, aliyense m'kabuku kake usiku womwewo, amasimba zina: pa 16 ndi 17 Disembala akaidi adatengedwa kunka ku mtsinje, adaomberedwa ndi mfuti za chiwaya, otsala adabayidwa, ndipo masiku otsatira idali ntchito yotaya mitembo m'madzi. Cholembedwa usiku womwewo ndi munthu wosayembekeza woŵerenga chimalemera kuposa chokumbukiridwa patapita zaka 30 ndi munthu woopa mlandu.

Pali zinthu ziŵiri zimene zidachitika mu 1985 zoyenera kuziika pamodzi. Tanaka Masaaki, amene kale anali mlembi wa Matsui Iwane ndipo adalemba buku lonena kuti nkhani yonse ya Nanjing njopeka, adasindikiza dayale ya mbuye wakeyo. Wofufuza wina, Itakura Yoshiaki, adayerekeza bukulo ndi zolemba za pamanja za Matsui, napeza kuti Tanaka wasintha, wachotsa ndi kuwonjeza m'malo mazanamazana, ndipo kwina kusinthako kudatembenuza tanthauzo. Chofunika kudziŵa n'chakuti Itakura sanali wa mbali ya Honda. Iye ankakhulupirira chiŵerengero chochepa, chosafika 20,000. Koma chinyengo adachitcha chinyengo ngakhale chinkathandiza mbali yoyandikana ndi yake.

Chinacho ndi cha Kaikōsha, bungwe la akapitao akale a nkhondo. Mu 1984 lidapempha mamembala ake kuti atumize zimene akukumbukira, pofuna kutsutsa zimene linkazitcha mabodza. Makalata amene adabwera sadanene zimene akonzi ankafuna. M'chigawo chomaliza, mu Malichi 1985, mmodzi mwa akonziwo, Katokawa Kōtarō, adavomera kuti anthu pakati pa 3,000 ndi 13,000 adaphedwa mosatsata lamulo, adati ngakhale chochepacho n'chachikulu kosaneneka, napepesa kwa anthu a ku China. Chiŵerengero chaocho n'chochepa kwambiri poyerekeza ndi umboni umene udatuluka pambuyo pake. Koma kuyambira tsiku limenelo, wonena kuti ku Nanjing sikudachitike kanthu akutsutsana ndi asilikali amene analiko.

Nanga bwanji ziŵerengero zikusiyana chotere pakati pa akatswiri oona mtima? Hata Ikuhiko mu 1986 adati ngati 40,000. Kasahara Tokushi mu 1997 adati oposa 100,000, mwina kufika 200,000 kapena kupitirira. Munthu angaganize kuti mmodzi mwa iwo akunama, koma kwenikweni akuyankha mafunso osiyana. Nanjing ndi kuti: m'kati mwa linga, kapena pamodzi ndi maboma asanu ndi limodzi ozungulira? Nthaŵi yake iyambire pa 13 Disembala, kapena pamene asilikali adaloŵa m'midzi sabata yapitayo, ndipo ilekeze mu Januwale kapena mu Malichi? Msilikali wothaŵa amene wataya mfuti naomberedwa akusambira mu mtsinje, wafa pa nkhondo kapena waphedwa? Nanga wovula zovala za usilikali, wogwidwa chifukwa cha zikanga za m'manja ndi mzere wa chipewa pa mphumi, naphedwa popanda kuzengedwa mlandu? Mafunso aŵiri omalizaŵa si a masamu, ndi a lamulo ndi chikumbumtima, ndipo palibe pepala lobisika limene lidzaŵayankhe. Ine ndikhulupirira kuti munthu wopanda chida, ali m'manja mwa mdani wake, akaphedwa popanda mlandu, waphedwa basi, ndipo pa chifukwa chimenechi ndiyandikira kwa Kasahara. Pali mfundo ina imene imamveka kaŵirikaŵiri, yakuti mumzindamo munali anthu 200,000 okha, tsono 300,000 akadafa bwanji. Koma 200,000 ameneyo ndi chiyerekezo cha azungu cha anthu wamba otsala mumzinda, osaphatikiza asilikali kapena a m'midzi. Pamene akatswiri osankhidwa ndi maboma aŵiriŵa adatulutsa lipoti lao mu 2010, Atchaina adaima pa 300,000, Ajapani adati malire ndi 200,000 natchulanso 40,000 ndi 20,000, koma onse adavomera kuti kupha kwakukulu kudachitika.

Tisaganize kuti zolakwa zili mbali imodzi. Kasahara yemweyo adaika m'buku lake chithunzi cha akazi a ku China oyenda ndi asilikali, nalemba pansi pake kuti akutengedwa mokakamiza, pamene chithunzicho chidachokera m'magazini ya Chijapani yosimba zina. Amene adamutsutsa ndi Hata, ndipo Kasahara adapepesa nachotsa chithunzicho. Pa nkhani ina, ya akazi amene adasungidwa m'nyumba zachiwerewere za asilikali, munthu wina dzina lake Yoshida Seiji adadzinenera kuti adasaka akazi pa chilumba cha Jeju ku Korea. Hata adapita komweko mu 1992 napeza kuti n'zopeka, koma Asahi Shimbun idadikira mpaka 2014 kuti ibweze nkhani zake. Okana adalandira zimenezi ngati mphatso, nayamba kuimba kuti nsomba ikaola imodzi zaola zonse. Mwambiwu ngwoona pa nsomba za mu dengu limodzi, popeza zimakhudzana. Mboni zosadalirana sizikhudzana. Bodza la Yoshida silifafaniza mapepala a boma amene Yoshimi Yoshiaki adapeza m'laibulale ya za chitetezo naŵaulula mu Januwale 1992, osonyeza kuti gulu lankhondo linkayang'anira nyumbazo, monganso chithunzi cholakwa sichifafaniza dzenje la Nakajima.

Mikangano imeneyi siikadapsa chotere ikadakhala ya m'mayunivesite mokha. Idafika m'kalasi. Ku Japan buku la sukulu limayenera kuvomerezedwa ndi Unduna wa Maphunziro, ndipo mu 1982 nyuzi zidalengeza kuti undunawo wasinthitsa liwu lakuti "kuukira" China kuti likhale "kuloŵa." China ndi South Korea zidakwiya. Pambuyo pake zidadziŵika kuti pa malo otchulidwawo chaka chimenecho kusinthako sikudachitike, ngakhale kuti undunawo udakhala ukukakamiza zotere kwa zaka zambiri. Nkhani yolakwa idaulula mchitidwe woona. Amene ankaudziŵa bwino mchitidwewo ndi Ienaga Saburō, mphunzitsi wa mbiri amene adasumira boma katatu, mu 1965, 1967 ndi 1984. Undunawo udamuuza kuti achotse za kugwirira akazi popeza zotere zimachitika pa nkhondo iliyonse. Udamuuzanso kuti achotse za gulu la 731, limene linkayesa tizilombo ta matenda pa anthu amoyo ku Manchuria, popeza panalibe kafukufuku wokwanira. Sudatchule kuti kafukufukuyo adachedwa chifukwa gululo lidaononga malo ake pothaŵa, ndipo Amereka adateteza mkulu wake, Ishii Shirō, posinthana ndi zimene adapeza. Mu Ogasiti 1997, patapita zaka 32, bwalo lalikulu lidagamula kuti kuchotsa za gulu la 731 kunali kuphwanya lamulo, ndipo Ienaga adalandira mayeni 400,000. Mphamvu ya undunawo yoyesa mabuku idasiyidwa monga inaliri.

Bwalo la milandu si malo abwino olembera mbiri, popeza limayankha funso lopapatiza limene lafunsidwa. Koma pali mlandu umodzi umene oweruza adachita ntchito ya mphunzitsi wa galamala. Mwa zimene Magee adajambula panali nyumba ina ya kumwera kwa mzinda, m'mene pa 13 Disembala asilikali adapha anthu asanu ndi aŵiri a banja limodzi la anthu asanu ndi anai. Magee adalemba mau ofotokoza chithunzicho m'Chingerezi. Adati mwana wamkazi wa zaka 7 kapena 8 adabayidwa ndi mpeni wa ku mfuti, ndipo patsogolo pake adati mwana wa zaka 8 uja, atavulala, adakwaŵira m'chipinda china m'mene munali mtembo wa mai wake, nakhala m'menemo sabata ziŵiri ndi mng'ono wake wa zaka 4, akudya makoko a mpunga. Mwanayo adakula, dzina lake Xia Shuqin, nakhala mmodzi mwa mboni zodziŵika za Nanjing.

Mu 1998 profesa Higashinakano Shūdō adalemba kuti maiyu ndi mboni yabodza. Iye adamasulira mneni wa Chingerezi uja ngati kubaya mpaka kupha. Tsono, adatero, ngati mwana wa banjalo adafa, wa zaka 8 wopulumukayo anali wa banja lina, ndipo amene akudzitcha Xia Shuqin wangovala nkhani ya wina. Mai Xia adafika okha ku Tokyo kudzayankha. Mu Novembala 2007 bwalo lidapeza kuti mneniyo amatanthauza kubaya, kaya munthu afe kaya asafe, ndi kuti woŵerenga mizere yotsatira sangalephere kuona kuti wobayidwa ndi wovulala ndi mwana mmodzi yemweyo. Oweruza adati kumasulira kwa profesayo sikuyenera kutchedwa ntchito ya kafukufuku, nalamula kuti iye ndi osindikiza ake alipire mayeni 4 miliyoni. Bwalo lalikulu lidatsimikiza chigamulocho mu Febuluwale 2009. Pa nthaŵiyo mai Xia anali ndi zaka pafupifupi 80, zipsera zitatu za mpeni uja zikadali pa thupi pao.